Ana Athu ndi Lamya za M'manja



Kulikonse kumene ndikuyenda ndikumva dandaulo limodzi, lakuti ana a masiku ano angoŵeramira pa foni, za makolo sakumva. Inenso ndine kholo, ndipo dandaulo limeneli sindilikana. Koma tisanawalande mafoniwo, tiyambe tadzifunsa kuti akaŵerama choncho amakhala akuchitanji.

Kalembera wa mu 2018 tonse tikumukumbukira: anapeza anthu oposa 17 miliyoni muno m'Malaŵi, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Ana ameneŵa, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, sanakhale manja lende. Ophunzira a Fomu 4 ankatumizirana manotsi ndi mapepala a mayeso akale pa WhatsApp, wina akakodwa pa samu mnzake namumasulira usiku womwewo. Tsono amene analibe foni, kapena amene kwawo kulibe magetsi, anakhala miyezi yoposa isanu osaona bolodi. Mwana wamkazi wa kumudzi ndiye anavutika koposa, ndipo ena sanabwererenso m'kalasi. Apa mpamene pali nkhani yaikulu, osati pa kuŵerama kuja.

Tiwayamikenso pa chinthu china. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anaimba kwa zaka zambirimbiri. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo, achinyamata anainyamula pa TikTok, ndipo pofika 1922... pepani, pofika 2022, Linny Hoo inali kuvinidwa m'maiko amene sanamvepo n'komwe za chilankhulo chathu. Kodi ameneŵa ndi ana otaya mwambo? Palibe mbadwo umene unalembapo Chicheŵa tsiku ndi tsiku ngati uwu, ngakhale kuti kalembedwe kake nthaŵi zina kamatiŵaŵa m'maso ife achikale.

Zoipa ziliponso: mabodza, kutukwana, ndi kufalitsa zithunzi za atsikana pofuna kuwachititsa manyazi. Lamulo la mu 2016 lokhudza ntchito za pa intaneti limalanga ozunza anzawo motere, ndipo ana athu tiziwauza zimenezi iwo asanagwe m'mlandu. Koma lamulo limeneli si chibonga choopsezera aliyense wotidzudzula.

Ndiye pempho langa kwa inu a m'maofesi ndi ili. Mnyamata akalemba pa Facebook kuti mjigo wa m'mudzi mwake unafa chaka chatha, musayambe kufufuza kuti bambo wake ndani. Tumizani munthu akauone mjigowo, ndipo mumuyankhe pomwepo pamene analemba, m'Chicheŵa, anzake onse akuŵerenga.