Lipenga la Chaka cha 50 ndi Ngongole Zathu



Jubili sinayambe ndi ife. Pa Levitiko 25 Mulungu analamula kuti chaka cha 50 chikakwana, lipenga lilire. Munda umene munthu anagulitsa chifukwa cha umphawi ubwerere kwa iye, ndipo wodzigulitsa ukapolo abwerere kwa abale ake. Limeneli linali lamulo la pangano.

Makolo amene anayambitsa mpingo uno mu Chawama ankadziwa kuwawa kokhala pa malo opanda pepala. Lamulo la 1974 litabwera, khonsolo inayamba kupereka chilolezo chokhala pa malo kwa zaka 30. Zakazo zikatha, umakapemphanso. Koma pa Luka 1:72-73 Zekariya akuyamika Mulungu pokumbukira lumbiro limene anapatsa Abrahamu, patapita mibadwo yosawerengeka. Pangano limenelo silifuna chidindo chatsopano.

Tsopano tsegulani Luka 4. Yesu ali m'sunagoge ku Nazarete, awerenga Yesaya 61 za Uthenga Wabwino kwa osauka, kumasulidwa kwa am'nsinga ndi chaka cha chisomo cha Ambuye. Akhala pansi, nanena kuti uneneriwo wakwaniritsidwa tsiku lomwelo. Anthu anakondwa. Koma atatchula mkazi wamasiye wa ku Zarefati ndi Naamani wa ku Siriya, onse awiri akunja, anafuna kumponya kuphompho. Ankafuna jubili ya iwo okha.

Masiku ano aneneri achuluka m'makomboni mwathu, ena akugulitsa mafuta ndi madzi m'timabotolo. Ine sindilimbana nawo lero. Ndingofunsa: uneneri wawo wamasula wangongole uti?

Funsolo likutiluma ifenso. Muno muli Akhristu obwereketsa anzawo ndalama za kaloba, nkuwalanda mbaula kapena matilesi mwezi ukatha. Alipo eni nyumba amene anatulutsa wamasiye kunja mvula ili mkati, madzi atadzaza m'njira. Sabata lotsatira tonse timamwera chikho chimodzi, chimene Yesu pa Luka 22:20 anachitcha pangano latsopano m'mwazi wake, lija Yeremiya 31 analonjeza kuti lidzalembedwa m'mitima.

Keke tidula, kwaya iimba. Koma amene muli ndi kabuku ka ngongole za abale a mpingo uno, bwerani nako Lachitatu madzulo. Ine ndi akulu tidzakhala mu ofesi, ndipo dzina la munthu silidzalengezedwa pa guwa.