MUNTHU WOPANDA DZIKO

Omvera athu m'maboma onse, lero tikambirane za munthu amene palibe dziko limene limamuŵerengera ngati nzika yake.

Makolo athu ambiri anapita ku Southern Rhodesia, ena kudzera ku Mthandizi, kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ambiri anachona, ndipo ana ndi adzukulu awo anabadwira komweko. M'chaka cha 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, nkulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo m'miyezi 6. Anthu ambiri a m'mafamu sanathe kutero. Unzika wa Zimbabwe unaŵachokera, koma analibenso pepala losonyeza kuti ndi Amalaŵi. Munthu wotere sangavote, sangatenge pasipoti, ndipo mwana wake amavutika kupeza chikalata cha kubadwa.

Kodi malamulo a maiko onse amati chiyani? Chikalata cha ufulu wa anthu chimene United Nations inavomereza mu 1948 chimanena m'ndime 15 kuti munthu aliyense ayenera kukhala ndi unzika. Pangano la 1954 limalamula kuti munthu wopanda dziko apatsidwe chiphaso, aloledwe kukasuma kukhoti, ndiponso ana ake aphunzire sukulu ya pulayimale monga ana a nzika. Akakhala m'dziko movomerezeka, apatsidwenso chikalata choyendera kunja. Zimbabwe inaloŵa m'panganoli mu 1998, Malaŵi mu 2009. Pangano la 1961 limatseka gwero la vutoli: mwana amene akanakhala wopanda dziko alandire unzika wa dziko limene wabadwira. Mfundo yomweyi ilinso m'pangano la maiko a mu Africa loteteza ana la 1990.

Ku Zimbabwe zinthu zinasintha mu 2013, pamene malamulo aakulu atsopano anavomereza kuti wobadwira m'dzikomo kale, wokhala momwemo, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndi nzika yobadwa nayo. Komabe pofuna chitupa, ofesi imafunsa umboni, ndipo wopanda chikalata cha kubadwa amabwerera chimanjamanja.

Choncho, omvera, mwana akabadwa, kamlembetseni msanga. Amene muli ndi abale ku Zimbabwe kapena ku Joni, aŵuzeni asunge mapepala a makolo awo, pakuti ndiwo umboni umene ofesi idzafuna.