Pa Intavyu, Musamaganize Chamumtima

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti intavyu ya ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta imayenda bwanji. Ndikuyankhani lero, ndipo sindibisa pomwe ndinagwa.

Kawirikawiri intavyuyi simatha tsiku limodzi. Poyamba amakuimbirani foni kufunsa za CV yanu. Kenako amakupatsani kantchito kokachitira kunyumba. Ndiye pamabwera gawo lomwe ambirife timaliopa, kulemba code iwo akuonerera pa Zoom kapena Google Meet. Mukadutsa pamenepo mumacheza ndi abwana n'kukambirana za malipiro.

Ine ulendo woyamba ndinagwera pagawo lachitatulo. Anandipatsa funso lotchuka la FizzBuzz: pulogalamu isonyeze manambala kuyambira 1 mpaka 100, koma pa nambala yogawika ndi 3 ilembe Fizz, yogawika ndi 5 ilembe Buzz, yogawika ndi zonse ziwiri ilembe FizzBuzz. Losavuta, eti? Koma pa 15 pulogalamu yanga inkangolemba Fizz, chifukwa ndinayamba ndi 3 m'malo moyamba ndi zogawika ndi zonse ziwiri. Ndinangoti zii, kulemba n'kufufuta, thukuta lili kamukamu. Ofunsawo akanandithandiza bwanji osadziwa zomwe zinali m'mutu mwanga? Ntchito inandipita, lendi ikundidikira.

Pakampani yachiwiri ndinasintha. Ndisanagwire keyboard, ndinabwereza funso m'mawu anga n'kufunsa pomwe sindinamvetse. Paja safunsa anadya phula. Polemba ndinkafotokoza chifukwa chomwe ndasankhira njira imeneyo, ndipo nditalakwitsa ndinanena ndekha n'kukonza. Atandifunsa za Docker, ndinavomera kuti sindinaigwiritsepo ntchito, n'kufotokoza momwe ndingaiphunzirire. Anandilemba ntchito.

Ofunsa aja sangofuna yankho lolondola, amafunanso kumva kaganizidwe kanu, poti mudzagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku.

Tsono ikani ntchito zanu pa GitHub, ngakhale ziwiri zokha, bola zikhale zoti mutha kufotokoza mzere uliwonse. Musalembe Python kapena SQL pa CV ngati simungayankhe funso lake. Tsiku la intavyu tchajani laputopu, gulani bandulo yokwanira, ndipo dziwiranitu kothawira magetsi akazima.

Loweruka likubwerali bwerani ndi malaputopu, amene mulibe tidzabwerekana. Tidzakhala awiriawiri, wina kufunsa, wina kulemba akulankhula mokweza. Kuli bwino kuchita manyazi pakati pathu pano kusiyana ndi pamaso pa olemba ntchito.