Kufunsa zachinsinsi popanda kuika wophunzira m'mavuto

Ndaima pano kuti tikambirane m'mene tingadziwire zoona pa nkhani zomwe ophunzira a pa yunivesite safuna kuulula, monga kusuta chamba, kubera mayeso ndi kugonana popanda kondomu.

Mukamfunsa wophunzira maso ndi maso, amakana. Ine sindimudzudzula ayi. Kusuta chamba ndi mlandu, kubera mayeso kumachotsetsa sukulu, ndipo iye sadziwa komwe pepala lakelo likathere. Zotsatira zake nzakuti chiwerengero chimatuluka chochepa, akuluakulu nkumati vuto palibe, thandizo osafika.

M'chaka cha 1965, katswiri wina wa ziwerengero, Stanley Warner, adatulukira njira yoti mwayi uziphimba yankho la munthu. Akatswiri ena adaifewetsa mpaka ndalama yachitsulo nkukhala yokwanira. Wophunzira amaponya ndalamayo payekha, wofunsa osaona. Ikagwa chagada, ayenera kunena kuti "inde", kaya adachitapo kaya sadachitepo. Ikagwa chafufumimba, ayenera kunena zoona. Tsono wofunsa akamva "inde" sangadziwe ngati wayankha ndi munthu kapena ndalama.

Mwina mukuti, nanga phindu lili pati? Tiyerekeze kuti tafunsa ophunzira 200 ndipo 130 avomera. Ndalama imagwa chagada pafupifupi theka la nthawi, choncho anthu ngati 100 avomera chifukwa cha ndalamayo. Tikawachotsa, patsala 30 mwa anthu 100 omwe adanena zoona. Apo tadziwa kuti ophunzira ngati 30 mwa 100 alionse amachita zimenezi, koma sitingaloze chala ngakhale mmodzi.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Theka la mayankho limatayika, motero pamafunika kufunsa anthu ambiri kuposa m'kafukufuku wamba. Komanso alipo ena omwe safuna kutchula "inde" ngakhale ndalama itawalamula, ndipo akachuluka chiwerengero chimatsikanso. Nchifukwa chake wofunsa ayenera kufotokoza modekha mpaka wophunzira atamvetsa chomwe chikumuteteza.

Pempho langa kwa inu aphunzitsi ndi makolo ndi ili: wina akakubweretserani chiwerengero cha khalidwe la ana athu, mfunseni kaye kuti adafunsa bwanji, nanga woyankhayo adatetezedwa motani. Munthu wamantha amayankha zongodzipulumutsa.