Zithunzi Zodinda ndi Matabwa: Luso Lake ndi Kasungidwe Kake

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za mtundu wina wa zithunzi umene anthu ena amaukonda kwambiri, namausonkhanitsa monga momwe anzathu ena amasonkhanitsira masitampa kapena ndalama zakale. Tikunena zithunzi zija zimene amisiri a ku Britain ndi ku America ankadinda ndi matabwa osema, m'mautoto amitundumitundu, kuyambira cha m'ma 1895 kufikira pamene nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inayamba mu 1939. Mwina wina afunsa kuti, ngati chithunzi chimodzi chinadindidwa makope 50 kapena 100, nanga n'chifukwa ninji munthu angachisunge ngati chuma? Yankho lake lagona pa kapangidwe ka zithunzizo. Munthu amene sanamvetse kapangidweko sangathe kuzisonkhanitsa mwanzeru, ndipo angotaya ndalama zake pachabe.

Tiyeni tsono tiyambe ndi kapangidweko. Ambiri a ife tinaonapo chidindo cha ku positi ofesi kapena cha ku sukulu, chimene malembo ake otumphuka ndiwo amatenga inki ndi kuisiya papepala. Thabwa lodindira chithunzi limagwira ntchito chimodzimodzi. Mmisiri amajambula chithunzi pathabwa losalala, kenaka amasema ndi mpeni ndi tchizulo, kuchotsa paliponse pamene safuna kuti padzaoneke utoto. Chotsalacho ndicho chimadinda. Koma popeza chithunzicho chili ndi mitundu yambiri, thabwa limodzi silikwanira. Pamafunika thabwa la mizere yakuda, lina la mtambo, lina la masamba, lina la madzi, mwina mpaka matabwa asanu kapena khumi, ndipo pepala limodzi lomwelo limagonekedwa pathabwa lililonse motsatizana. Pepalalo likangophonya malo ake pang'ono pokha, mitundu imaloŵerana ndipo ntchito yonse yaonongeka.

Eni ake a luso limeneli m'njira imene tikukambayi anali anthu a ku Japan. Kumeneko kunali akatswiri onga Hokusai, amene anamwalira mu 1849, ndi Hiroshige, amene anamwalira mu 1858. Iwo ankagwiritsa ntchito matabwa a mtengo wa cheri, utoto wosungunula m'madzi wosakaniza ndi kaphala ka mpunga, ndiponso pepala lolimba lopangidwa ndi makungwa a mtengo wa mabulosi, limene ankayamba alinyowetsa pang'ono. Makina panalibe. Wodindayo ankapaka utoto pathabwa ndi burashi, n'kugonekapo pepala, kenaka n'kutikita kumsana kwa pepalalo ndi kachipangizo kobulungira kokutidwa ndi khoko la nsungwi, kamene amakatcha baren. Pofuna kuti pepala lizigwera pamalo amodzimodzi nthaŵi zonse, ankasema timipata tiŵiri m'mphepete mwa thabwa lililonse, totchedwa kento. Ntchitoyi ankagaŵana: wina ankajambula, wina ankasema, wina ankadinda, ndipo wina ankagulitsa.

Dziko la Japan litayamba kuchita malonda ndi maiko a Azungu pambuyo pa chaka cha 1854, zithunzi zimenezi zinafika ku Ulaya ndi ku America, ndipo ojambula a kumeneko anachita nazo chidwi. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1890, amuna aŵiri, John Dickson Batten ndi Frank Morley Fletcher, anayamba kuyesa okha njira ya ku Japan. Koma iwo ndi ophunzira ao anasintha chinthu chimodzi chachikulu. M'malo mogaŵana ntchito, mmisiri mmodzi yemweyo ankajambula, kusema ndi kudinda yekha. Apa m'pamene pagona mtengo wa zithunzizi. Kope lililonse linadutsa m'manja mwa mwini chithunzi, amene anapaka utoto ndi kutikita pepala ndi dzanja lake, kotero kuti palibe makope aŵiri ofanana ndendende. Lina mtambo wake ndi wodera, lina ndi woŵala, malinga ndi mmene burashi inayendera tsiku limenelo.

Fletcher anali mphunzitsi. Anaphunzitsa ku London ndi ku Reading, kenaka anakhala mkulu wa Edinburgh College of Art mpaka chaka cha 1923, pamene anasamukira ku Santa Barbara, m'chigawo cha California. Mu 1916 anatulutsa buku lotchedwa Wood-block Printing, limene linakhala ngati bukhu la m'kalasi kwa onse ofuna kuphunzira lusoli. Mmodzi wa ophunzira ake, Allen Seaby wa ku Reading, anatchuka ndi zithunzi za mbalame. Wina anali William Giles, katswiri wa mitundu yoŵala. Ku Edinburgh kunali mai Mabel Royds, amene anayenda ku India, ndipo pambuyo pake anadziŵika ndi zithunzi za maluŵa. Kunalinso John Platt, amene analemba buku lake la lusoli mu 1938, ndi Eric Slater, amene ankajambula magomo ndi nyanja za kwao ku Sussex. Tisaiŵalenso Yoshijiro Urushibara, mmisiri wa ku Japan amene anakhala ku London kuyambira cha m'ma 1910 mpaka 1940. Iye anasema ndi kudinda zojambula za Frank Brangwyn, ndipo amisiri ambiri a ku Britain anaphunzira kwa iye zinsinsi zimene mabuku sakanatha kufotokoza.

Tikaoloka nyanja kupita ku America, dzina loyamba kulitchula ndi la Arthur Wesley Dow, wa ku Ipswich m'chigawo cha Massachusetts. Iye anaphunzira zithunzi za ku Japan m'nyumba yosungiramo zaluso ya ku Boston, ndipo mu 1895 anaonetsa kumeneko tizithunzi take ta mitsinje ndi madambo a kwao. Kuyambira 1904 mpaka imfa yake mu 1922 anaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi ya Columbia ku New York, choncho maganizo ake anafalikira m'masukulu ambiri. Amai aŵiri, Helen Hyde ndi Bertha Lum, anachita kupita ku Japan komweko kukaphunzira kwa eni ake. Ku California kunali Frances Gearhart ndi William Rice, amene anajambula mapiri ndi mitengo ikuluikulu ya dera limenelo. Gustave Baumann, wobadwira ku Germany, anakhazikika ku Santa Fe mu 1918. Iyeyu anatsata njira ya kwao, ya inki yamafuta ndi makina opanikizira pepala.

Palinso njira ina imene inabadwira ku America konko. Cha m'ma 1915, m'tauni ya asodzi ya Provincetown, kagulu ka amisiri, ambiri a iwo amai, kanaona kuti kusema matabwa ambiri n'kotopetsa. Tsono anayamba kusema chithunzi chonse pathabwa limodzi, n'kulekanitsa zigawo zake ndi tingalande tating'ono. Ankapaka utoto chigawo chimodzi, n'kutikita pepala ndi supuni, n'kulitukula, n'kupakanso chigawo china, mpaka chithunzi chonse chitatha. Tingalande tija tinkasiya mizere yoyera papepala, ndipo mizere imeneyi ndiyo chizindikiro cha zithunzi za ku Provincetown. Wodziŵika koposa pa njira imeneyi ndi mai Blanche Lazzell. Popeza kope limodzi linkadya nthaŵi yaitali, makope a zithunzi zoterezi ndi oŵerengeka, ndipo n'chifukwa chake amasoŵa.

Amisiri onseŵa cholinga chao chinali chakuti munthu wamba, mphunzitsi kapena kalaliki, athe kugula ntchito yeniyeni ya manja ndi kuikoloŵeka m'nyumba mwake. M'zaka za m'ma 1920 malonda anayenda bwino ndithu. Koma chuma cha maiko chitagwa mu 1929, ogula anachepa. Achinyamata anatembenukira ku njira zina zatsopano, nkhondo inabwera, ndipo zithunzi za mbalame, maluŵa ndi ngalaŵa zinayamba kuoneka zachikale. Zambiri zinaponyedwa m'mabokosi, zina zinatayidwa eni nyumba atamwalira. Zimene zinapulumuka, zambiri zinapulumuka chifukwa cha anthu oŵerengeka amene anazitola m'masitolo a katundu wakale pamene ena ankaziyesa zopanda pake. Anthu otere ndiwo anathandiza kuti maina a amisiri ena, makamaka amai, asafafanizike.

Nanga munthu wofuna kuyamba kusonkhanitsa zithunzizi achenjere ndi chiyani? Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zithunzi zotchuka zakhala zikujambulidwanso ndi makina, m'mabuku, m'makalendala ndi pamapepala ogulitsa m'masitolo, ndipo zikaikidwa m'felemu kuseri kwa galasi zimanyenga maso. Choyamba tsono, pemphani kuti chithunzicho achitulutse m'felemu. Tengani galasi lokulitsa zinthu muyang'ane utotowo. Mukaona timadontho ting'onoting'ono tondandalikana bwino, dziŵani kuti imeneyo ndi ntchito ya makina a masiku ano. Utoto wodinda ndi thabwa umakhala woyalana, woloŵerera m'pepala, ndipo kaŵirikaŵiri mumaoneka mizere ya mtengo weniweniwo umene unasemedwa.

Chachiŵiri, tembenuzani pepalalo. Ngati linadindidwa m'njira ya ku Japan, kumsana kwake mudzaona utoto utatulukira pang'ono, mwinanso zipsera zozungulira zimene baren inasiya potikita. M'mphepete mwa mitundu, pepala limakhala lofinyika pamene thabwa linaliluma. Komabe kumbukirani kuti zithunzi za Baumann ndi ena ogwiritsa ntchito inki yamafuta sizionetsa zizindikiro zonsezi. Utoto wake umakhala pamwamba pa pepala, wokhuthala. N'chifukwa chake tanena kuti wosonkhanitsa ayenera kudziŵa mmene mmisiri aliyense ankagwirira ntchito yake.

Chachitatu, yang'anani pansi pa chithunzi. Amisiri ambiri a nthaŵi imeneyo ankasaina dzina lao ndi pensulo, ndipo ena ankalembanso manambala aŵiri, monga 12/50, kutanthauza kope la 12 mwa makope 50. Ena ankadindapo kachizindikiro kao. Ka Baumann kanali dzanja ndi mtima. Koma dzina lokha si umboni wokwanira, pakuti pensulo aliyense angathe kuigwira, ndiponso alipo makope enieni amene sanalembedwe nambala. Dzina ligwirizane ndi pepala, utoto ndi mbiri ya kumene chithunzicho chachokera. Safunsa anadya phula: funsani wogulitsayo kuti anachipeza kuti, ndipo chiyerekezeni ndi makope osungidwa m'malo odalirika monga British Museum ndi Victoria and Albert Museum ku London, kapena Museum of Fine Arts ku Boston, amene zithunzi zao zambiri zimaoneka pa intaneti.

Chachinai ndi umoyo wa chithunzicho. Mdani wamkulu wa utoto wamadzi ndi dzuŵa. Chithunzi chimene chakhala zaka zambiri moyang'anana ndi zenera chimasuluka, makamaka mitundu yofiirira ndi yachikasu, ndipo utoto ukasuluka palibe mmisiri amene angaubwezeretse. Chinyontho chimabweretsa maŵanga ofiirira ndi nkhungu. Makatoni otsika mtengo amene ankatsekera kumsana kwa felemu amatentha pepala pang'onopang'ono, nalisandutsa lachikasu. Eni ake ena ankamata chithunzi pakatoni ndi guluu, ena ankadula m'mphepete kuti chikwane m'felemu, ndipo podulapo ankataya dzina la mmisiri. Zonsezi zimatsitsa mtengo wa chithunzi, ndiponso zimachotsa kukongola kumene mwini wake anakuvutikira.

Choncho amene wagula chithunzi chotere wasenza udindo. Achikoloŵeke pakhoma losafika dzuŵa, kutali ndi utsi ndi nthunzi ya kukhitchini. Pepala lisakhudzane ndi galasi, ndipo katoni yolizungulira ikhale yopanda asidi. Asachimate ndi guluu kapena tepi. Ngati ali nazo zambiri, ndi bwino kuzisunga chogoneka m'bokosi louma, n'kumazisinthanitsa pakhoma, kuti chilichonse chizipumako kumdima. Alembenso m'kabuku tsiku limene anachigula, kumene anachigula ndi zonse zimene wamva za icho, pakuti wodzachilandira m'tsogolo adzafuna kudziŵa zimenezi.

Pomaliza, kwa iye amene thumba lake ndi lochepa, uphungu ndi uwu. Zithunzi za Baumann ndi za Lazzell zinakwera mtengo kwambiri, koma amisiri a nthaŵi ija anali ambiri, ndipo ntchito za ena osatchuka zimapezeka pa mtengo wofikirika. Ndi bwino kusankha mutu umodzi, kaya mbalame, kaya madoko, kaya ophunzira a mphunzitsi mmodzi, ndi kuudziŵa bwino, kusiyana ndi kutola chilichonse. Kope limodzi labwino, losasuluka, la mmisiri wosadziŵika liposa makope asanu oonongeka a munthu wotchuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amayamba ndi kuphunzitsa maso ake, ndalama n'kubwera pambuyo, ndiye adzasunga bwino pepala limene mmisiri analigoneka pamatabwa kasanu kapena kakhumi zaka zana zapitazo, nadzalipereka kwa ena lili ndi mitundu yake yonse.