Yadi ya Nsalu ndi Yadi ya Kumayadi



Achikulire ambiri mukukumbukira m'mene ena ankayezera nsalu mita isanazoloŵereke. Wogulitsa ankagwira nsonga ya nsalu, nkuigunditsa pamphuno, natambasula mkono mpaka pamene walekezera, nati, "Yadi imodzi." Amayi ochenjera ankayamba ayang'ana msinkhu wa ogulitsa, ndipo akaona wamtali ankadikira yemweyo. Tsono mayi yemwe uja, nsalu yake ili kumutu, ankatha kukuuzani kuti mwana wake akugwira ntchito kumayadi, kuja kuli nyumba zikuluzikulu za kapinga ndi maluŵa, monga ku Nyambadwe mu Blantyre kapena ku Kabulonga mu Lusaka. Ine kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti kumayadi adakutcha choncho chifukwa malo ake ngotakasuka, mayadi ambirimbiri m'litali ndi m'lifupi. Ndinkalakwitsa. Aŵa ndi mawu aŵiri osiyana makolo, amene adafanana kamvekedwe m'kamwa mwa Angerezi kalekale, ife nkudzawabwereka onse aŵiri ali ofanana kale.

Tiyambe ndi yadi ya nsalu. M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo munali liwu lakuti gyrd, ndipo g wa kumayambiriroyo ankamveka ngati y. Tanthauzo lake linali ndodo kapena mkwapulo. Ajeremani mpaka lero ali ndi mbale wake wa liwuli, Gerte, kamkwapulo kamene wokwera pa kavalo amagwira. Tanthauzo la ndodoli silidafe. Pa ngalaŵa za matanga, mtengo wopingasa pa mlongoti, umene thanga limalendeŵerapo, amautchabe yard, ngakhale utalike mamita 20. Alimi akale a ku England nawo anali ndi yardland, munda wokwanira banja limodzi, umene kaŵirikaŵiri unali maekala ngati 30, ngakhale kuti dera lililonse linali ndi kukula kwakekwake.

Nzosavuta kuona m'mene ndodo idasandukira muyeso, pakuti ndodo aliyense ali nayo. Makolo athu nawonso ankayeza ndi zimene anali nazo, mkono ndi mkwamba. Koma vuto nlomwe lija la m'sitolo: ndodo ya yani, mkono wa yani? Mmonke wina wolemba mbiri, William wa ku Malmesbury, adalemba kuti mfumu Henry Woyamba, amene adalamulira England kuyambira 1100 mpaka 1135, atatopa ndi miyeso yonyenga ya amalonda adalamula kuti muyeso ukhale wa mkono wake. Nkhani yotchuka ija yakuti adayeza kuchokera pamphuno mpaka pa chala chachikulu idachita kukometsedwa ndi anthu a m'mbuyo mwake. Komabe mfundo yake njomveka. Mfumu imafa, mkono wake nkupita nawo kumanda, choncho mafumu otsatira adayamba kusunga ndodo yachitsulo yoti ndodo zonse za m'dziko zizifanizidwa nayo. Yadi idakhazikika kukhala mapazi 3, kapena mainchi 36, ndipo mayadi 1,760 ndiwo mtunda wa mailo imodzi.

Nkhani imene imandisangalatsa koposa ndi ya usiku wa pa 16 October 1834. Ndodo ya boma, yamkuwa, yopangidwa ndi mmisiri John Bird mu 1760, inkasungidwa m'Nyumba ya Malamulo ku London. Tsiku limenelo antchito adauzidwa kutentha milu ya timitengo takale togobagoba, timene boma linkaŵerengera ndalama zake. Adatisonkhezera m'ng'anjo zotenthetsera nyumbayo tsiku lonse, moto nkupyola muyeso, ndipo pofika usiku nyumba idayaka, ndodo ija nkuwonongekera momwemo. Taganizani, timitengo toŵerengera kuwononga ndodo yoyezera! Dziko limene linali kugulitsa nsalu za ku Manchester m'maiko ambirimbiri lidadzuka m'maŵa lilibe yadi yovomerezeka ndi lamulo. Akatswiri adasonkhanitsa ndodo zina zimene zidafanizidwapo ndi yoyambayo, ndipo padapita zaka 21 kuti yatsopano ivomerezedwe, mu 1855. Yatsopanoyi inali mpiringidzo wamkuwa wa mainchi 38, wokhala ndi timizere tiŵiri tojambulidwa pa tizidutswa ta golide, ndipo yadi inali mpata wa pakati pa timizereto, kutentha kukakhala madigiri 62 pa muyeso wa Fahrenheit, popeza chitsulo chimafutukuka chikatentha. Mu 1876 adakhomanso miyeso yamkuwa pakhoma ku Trafalgar Square kuti munthu wamba akayeze yekha ndodo yake.

Nawonso mpiringidzowo udapezeka kuti ukufupika pang'onopang'ono, ndipo yadi ya ku America inali itasiyana pang'ono ndi ya ku Britain. Kwa telala kusiyanako sikunali kanthu, koma kwa opanga zitsulo za makina a ndege inali nkhani yaikulu. Choncho mu 1959 maiko a Britain, America, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa adagwirizana kuti yadi ndi mamita 0.9144 ndendende. Kunena mosabisa, pamenepo yadi idagonja, pakuti kuyambira nthaŵi imeneyo imadziŵika kudzera mwa mita, muyeso wochokera ku France.

Tsopano tipite kumayadi. Liwu lachiŵirili lidachokera ku geard, kutanthauza malo otchingidwa ndi mpanda. Banja lake nlalikulu. Garden, munda wa maluŵa, ndi mbale wake amene adadzera ku Chifalansa. Dzina la mzinda wa Stuttgart ku Germany limatanthauza mpanda woŵeteramo akavalo, ndipo grad wa mu Belgrade, mzinda woyera, ndi wa fuko lomwelo, pakuti kale mzinda unali mudzi wa m'linga. Angerezi amatcha yard bwalo la tchalitchi, malo okhomera zombo, ngakhale malo oimikapo mabogi a sitima. Apolisi a ku London atakhazikitsidwa mu 1829, khomo lakumbuyo la likulu lawo linkatulukira m'kamsewu kotchedwa Great Scotland Yard. Adasamuka mu 1890, nasamukanso mu 1967 ndi mu 2016, koma dzina adapita nalo konseko, kotero kuti lero Scotland Yard ndi apolisi, osati bwalo. Ku Jamaica liwuli lidafika potanthauza kwathu, dziko lenilenilo. Kuno ife tidaona nyumba za Azungu, iliyonse mu mpanda wakewake, kusiyana ndi nyumba zothinana za m'makomboni, nkutcha dera lonselo kumayadi. Choncho dzinali limanena za mpanda, osati za utali.

Palinso yard wachitatu amene sali pa chibale ndi aŵiriŵa. Osinthanitsa ndalama za maiko m'mabanki a ku London akati yard amatanthauza biliyoni imodzi. Adangodula liwu lakuti milliard, poopa kuti pa telefoni miliyoni ndi biliyoni zimamveka mofanana, ndipo kuphonya kumodzi kungagwetse banki.

Ndibwerere ku ndodo ija, pakuti ngakhale sitolo zathu zidatembenukira ku mita, yadi idabisala pamalo amene ambiri a inu mumapitako Loŵeruka lililonse. Malamulo a mpira wamiyendo adalembedwa ku England, ndipo ndicho chifukwa chake manambala ake m'mamita amaoneka okhotakhota. Golo kutambalala kwake ndi mamita 7.32 chifukwa ndi mayadi 8. Penate imamenyedwa pa mayadi 12, ndipo bokosi lalikulu lija limatuluka mayadi 18 kuchokera pa mzere wa golo. Pomenya filikiki, otchinga ayenera kuima mamita 9.15 kuchokera pa mpira, amene ndi mayadi 10. Nanga woimbira amayeza ndi chiyani? Alibe ndodo, alibe tepi. Amangoponda mapazi khumi ataliatali, oseŵera akumuyang'ana miyendo monga amayi aja ankayang'anira mkono wa wogulitsa nsalu.