Kalata yoikidwa chizindikiro cha "spam" tiziyamba taiona tisanaitaye

Mawu omwe adalankhulidwa pa msonkhano wa alembi a makalabu a alimi



Masiku ano ogula mbewu ndi mabungwe otithandiza amatitumizira mitengo, mapangano ndi makalata oitanira ku maphunziro kudzera pa imelo. Kalata isanatifike, imadutsa kaye pa makina osefa, omwe amayang'ana wotumiza ndi zimene zalembedwamo. Akaikayikira, amaika mawu akuti "spam" pamutu pake kapena kuiponya m'bokosi la Spam, lomwe ndi dzala la makalata osafunika.

Komatu makinawo amangoganizira chabe. Ngakhale kwa mayi wodziwa kupeta, njere zina zabwino zimagwera ku mankhusu. Kalata ya wogula soya amene akutilembera koyamba ikhoza kugwera m'dzalamo, ndipo Gmail imafufuta yokha makalata a m'bokosilo pakatha masiku 30. Kalabu ikhoza kuphonya msika osadziwa n'komwe.

Choncho tigwirizane mfundo zitatu.

Choyamba, mlembi aliyense azitsekula bokosi la Spam kamodzi pa sabata, ndipo nthawi yogulitsa zokolola, tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, tikapezamo kalata ya munthu amene tikumudziwa, tidine pamene palembedwa "Not spam", kenako tisunge adiresi yake pa mndandanda wa anthu athu. Tikatero makinawo amaphunzira.

Chachitatu, tichenjere, pakuti zambiri za m'bokosimo n'zochokeradi kwa akathyali. Kalata yonena kuti tapata mphoto, kapena yolonjeza feteleza kapena ngongole tikayamba talipira kangachepe, tisaiyankhe ndipo tisatsekule chilichonse chomwe chabwera nayo. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, TNM Mpamba kapena ya kubanki sitipatsa munthu aliyense. Kalata ikatchula bungwe lodziwika, tiimbe foni pa nambala yomwe tili nayo kale, osati yolembedwa m'kalatamo.

Kwa ogula ndi mabungwe, pempho lathu n'lakuti kalata yofunika muziitsatiza ndi foni kapena uthenga wa pafoni. Kwa a MACRA, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidaletsa kutumiza mauthenga achinyengo otere. Tikupempha kuti mulifotokoze m'Chichewa pa wailesi, ndipo mutiuze komwe mlimi wakumudzi angakadandaule akaberedwa.

Zimenezi tikauze anzathu kumakalabu.